Nsomba imene boma linailemba ntchito ya ulonda

Inu amene mumagulitsa nsomba ku Limbe, ku Ndirande, ku Kawale, kwa Chinsapo, ku Zomba ndi ku Mzuzu, tayambani mwaika pansi kakatoni kothamangitsira ntchentche ndikuuzeni za nsomba ina ya kuno ku America imene nkhani yake ingakudwalitseni mutu. Dzina lake ndi muskie. Ikakula imatalika kuposa mwana wa sitandade 3. Anthu amakhuthula matumba kuisaka, ena amatha chaka chathunthu osaikhudza ngakhale mchira, koma tsiku loti aigwira amangoijambula chithunzi n'kuibwezera m'madzi. Simungaipeze pa benchi iliyonse. Ilibe mulu, ilibe mtengo wa pa kilo, ilibe basela.

Ine ndine mwana wa mumsika. Mayi anga akhala akuchita geni ya usipa, utaka ndi mcheni wowamba kwa zaka zoposa 30, ndipo fizi yanga, yunifolomu, ngakhale ndalama yokafunsira pasipoti zinatuluka mu dengu la nsomba. Tsono ndikamati nkhani ya muskie inandisokoneza, dziwani kuti akulankhulayu si mlendo pa fungo la nsomba.

Kuti muione m'maganizo, tengani mcheni. Muukulitse mpaka upitirire mita imodzi, muunenepetse ngati ntchafu ya munthu wamkulu, mlomo wake muuphwatalalitse ngati wa bakha, kenaka m'kamwamo mudzazemo mano osongoka ngati masingano osokera matumba. Imeneyo ndiye muskie. Siyendayenda m'magulu ngati usipa ayi. Imangoti duu yokha m'zitsamba za m'madzi ngati chipika, maso okha ali tcheru, ndipo chinthu chikadutsa pafupi imatuluka ngati mphezi. Imadya nsomba zinzake, achule, ngakhale tiana ta abakha.

Kwawo kwenikweni kwa nsombayi ndi ku nyanja zikuluzikulu za m'malire a America ndi Canada zotchedwa Great Lakes, mu mtsinje wa St. Lawrence, kumtunda kwa Mississippi ndi mu mtsinje wa Ohio. Kumeneko amailemekeza zedi. Chigawo cha Wisconsin chinaisankha mu 1955 kukhala nsomba yoimira chigawocho, ndipo m'tauni ya Hayward anamanga chinyumba chooneka ngati muskie, chotalika mamita oposa 40, choti anthu amakwera m'kati n'kukasuzumira panja ataima m'kamwa mwake. Mu 1949 msodzi wina, Louis Spray, anati wagwira muskie ya makilo 31 ndi theka, ndipo chaka chomwecho Cal Johnson anagwira ya makilo 30 ndi theka. Mabungwe osunga mbiri ya nsomba sagwirizana kuti katswiri ndani, lina limati Spray, lina limati Johnson. Munthu winanso, Art Lawton, amene ankati nsomba yake ya mu 1957 inaposa zonsezi, anamufufuta m'buku mu 1992 anthu ataunikanso zithunzi n'kukayikira kukula kwa nsombayo. Ndiye musamaganize kuti mikangano ya sikelo ili pa msika wa chimanga pokha.

Koma ine sindikhala kumeneko. Ndimakhala m'chigawo cha Washington, osati mzinda uja wa pulezidenti ayi, koma kumadzulo kwenikweni kufupi ndi Seattle, kumene aMalawi tilikoko ndithu, ambiri a ife tikugwira ntchito yosamalira okalamba. Kuchoka kuno kukafika kwawo kwa muskie ndi mtunda woposa wa Blantyre kukafika ku Johannesburg, ndipo pakati pali mapiri a Rocky. Nsomba siingadumphe mapiri. Muskie ya kuno inabwera pa galimoto, ndipo anaibweretsa ndi a boma.

Nanga boma lanzeru zake lingatenge bwanji chilombo chotere n'kukachiponya m'nyanja ya eni ake? Apa ndi pamene nkhani ikukomera.

Nsomba ya ulemu kuno ndi salmon. Monga mmene chambo chilili kwathu, ndi mmenenso salmon ilili kuno, ndipo khalidwe lake ndi la mpasa: ikafuna kuswa imakwera mitsinje, ana ake n'kudzatsika pambuyo. Anthu atayamba kutseka mitsinje ndi madamu a magetsi, madzi othamanga anasanduka nyanja zodekha. Mu 1963 anamaliza damu la Mayfield pa mtsinje wa Cowlitz, ndipo kuseri kwake kunabadwa nyanja ya Mayfield Lake. M'madzi odekhawo munachulukana nsomba ina yotchedwa northern pikeminnow, yaminga yambiri, imene anthu ambiri kuno safuna n'kuidya komwe, koma yokonda kumeza tiana ta salmon. Chonde mvetsani, pikeminnow si yobwera ayi. Ndi mwini mudzi. Kungoti damu linaipatsa mwayi woposa muyeso.

Vuto la pikeminnow ndi lalikulu moti pa mitsinje ya Columbia ndi Snake, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la magetsi la Bonneville Power Administration limapereka ndalama kwa aliyense wogwira nsombayi. Umapita nazo pa tebulo, amawerenga, amakulembera, cheke n'kubwera. Alipo anthu amene apezapo madola oposa 100,000 m'nyengo imodzi ya miyezi yochepa chabe. Werengani nokha pa mtengo wa dola wa lero, ine ndikuopa kulemba maziro.

Ku Mayfield anayesa njira ina. Mu 1988 a nthambi yoona za nsomba ndi nyama anathiramo alonda a mano. Koma sanatenge muskie yeniyeni ayi. Anatenga imene amaitcha tiger muskie chifukwa cha mizere ya pathupi pake, mwana wobadwa pokweranitsa muskie ndi msuweni wake wotchedwa northern pike. Ndipo chinsinsi chonse chagona apa: tiger muskie siibereka. Ili ngati nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi. Idye, inenepe, ikalambe, koma mbumba siisiya. Mukathira 500 ndiye kuti ndi 500 basi, ndipo chaka chilichonse zimacheperachepera. Boma likaona kuti mlonda wayamba kudya katundu amene anamutuma kulondera, silifunika ukonde kapena mankhwala. Limangosiya kuthira zatsopano, n'kudikira.

Ulonda umenewu ndi wolipira chaka ndi chaka. Paja mumadziwa za chimanga cha haibulidi, kuti mbewu umakagulanso dzinja lililonse. Kunonso ndi chimodzimodzi. Tiana timalereredwa m'maiwe a boma mpaka titafika masentimita pafupifupi 30, chifukwa tikathiridwa tili tating'ono timangokhala ndiwo za mbalame ndi nsomba zina. Ubwino wa haibulidiyu ndi wakuti amalola kudya chakudya cha m'thumba, pamene muskie yeniyeni imakonda tinsomba tamoyo, choncho kumulera n'kotsikirapo mtengo. Kupatula Mayfield, anathiranso ku Merwin, ku Lake Tapps, ku Curlew, ku Newman ndi nyanja zina zowerengeka. Zigawo zinanso zinachita zomwezo pa zifukwa zawo. Ku New Mexico, dziko louma ngati chipululu, anathira tiger muskie mu nyanja za Bluewater ndi Quemado mu 2003 kuti ithane ndi goldfish, tinsomba tofiira tija tosunga m'magalasi m'nyumba za mabwana, timene tinachulukana m'nyanjazo ngati namasupuni.

Ine anandilowetsa m'gulu la amisala amenewa ndi mdala wina wopuma pa ntchito ya ukalipentala, amene ndinkasamalira mchimwene wake. Ankafuna munthu womuthandiza kutsitsa boti m'madzi chifukwa msana unayamba kumuvuta, ine ndinkafuna kupuma mpweya wina osati wa mankhwala ndi matewera. Kuchoka ku Tacoma kukafika ku Mayfield ndi ola limodzi ndi theka pa galimoto. Nyanjayo ndi yaitali koma yopapatiza, yozunguliridwa ndi mitengo ya paini ngati ku Chikangawa nthawi ija mitengo ikadalipo, madzi ake ozizira ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Zida zake zokha ndi mpamba wa geni yonse. Ndodo ndi yotalika mamita 2 ndi theka, yolimba ngati mpini. Ulusi ndi wopota, woti ukhoza kukoka mbuzi. Kumapeto kwa ulusi amamangako kawaya, chifukwa mano aja amadula ulusi wamba ngati lezala. Nyambo si nyongolotsi kapena nsima ayi. Ndi chidole. China ndi chitsulo chozungulira ngati supuni chokhala ndi ubweya wa ku mchira wa gwape, amachitcha bucktail. China ndi chinsomba cha thabwa kapena cha labala, chachikulu ngati chambo chimene inu mungagulitse pa mtengo wabwino. Nyambo yanga yoyamba ndinagula madola 30, ndipo usiku umenewo ndinagona ndikuwerenga milu ya usipa imene ndalamayo ikanaoda ku Msaka.

Kawedzedwe kake si kokhala pansi n'kumadikira kachitsekerero kuti kamire. Umaimirira tsiku lonse. Kuponya, kukulunga. Kuponya, kukulunga. Eni ake amaitcha nsomba yoti uponye ka 10,000, ndipo si nthabwala. Mapewa amawotcha, zala zimachita dzanzi, ndipo madzulo ukafunsa mnzako wa boti lina kuti zayenda bwanji, amakuyankha mosangalala kuti lero linali tsiku labwino, ndaona ziwiri. Kuona! Osati kugwira ayi. Tangoganizani msodzi wa ku Makawa akubwera pa doko m'mawa, amayi a madengu atandanda ndalama zili m'manja, iye n'kunena kuti zayenda bwino, utaka ndauona.

Koma kuonako kuli ndi ufiti wake, ndikuuzeni. Muskie ili ndi khalidwe lotsatira nyambo osaluma. Ukukulunga ulusi, nyambo ikubwera, ndiye kumbuyo kwake umangoona chimthunzi chachitali chikutsetsereka mwakachetechete mpaka pa boti penipeni, diso lake lili pa iwe. Mawondo amagwedera. Apa lamulo ndi lakuti usatulutse nyambo m'madzi. Umamiza nsonga ya ndodo n'kuyamba kulemba nambala 8 m'madzi, mokulitsa makona kuti chinsombacho chithe kutembenuka, osachepetsa liwiro. Nthawi zambiri imangozungulira kamodzi kawiri ngati kasitomala wofunsa mtengo wa chilichonse, kenaka n'kumira osagula. Inu mumawadziwa anthu oterewa.

Ndinapita maulendo 11 ndisanagwire kanthu. Pa ulendo wa 12, mwezi wa Julayi, chakumadzulo, tili pafupi ndi zitsamba za kumene mtsinje wa Tilton umathira m'nyanjamo, kasitomala wanga anagula. Analuma pa khona yachiwiri ya nambala 8, pansi pa mapazi anga penipeni, madzi n'kundithira kumaso. Ndewu yake siitenga nthawi yaitali, mphindi zitatu kapena zinayi, koma ndi ya chiwawa: kugwedeza mutu, kudumpha, kulowa pansi pa boti. Mdala uja anatchera chiukonde cha mpini, chachikulu ngati bafa, nsomba n'kulowa.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandidabwitsa kuposa ndewuyo. Mdala amene tsiku lonse ankangoyasamula anasanduka namwino. Nsomba isatuluke m'madzi, anatero. Inakhala mu ukondemo, mutu uli m'madzi, iye akuchotsa mbedza ndi pulayazi yaitali. Mbedza imodzi inalowa moipa, ndiye anangoidula ndi chodulira zitsulo, nyambo ya madola 30 ija n'kulumala ine ndikuona. Kenaka anandiuza kuti ndinyowetse manja, dzanja limodzi kunsi kwa chibwano, lina pansi pa mimba, ndisaipachike chozondoka chifukwa kulemera kwake komwe kumaivulaza m'kati. Pa thabwa loyezera inakwana masentimita 104. Chithunzi chimodzi, chachiwiri, basi m'madzi. Ndinaigwira pa mchira mpaka inayamba kupuma bwino, kenaka inandimenya ndi mchirawo n'kupita.

Ngakhale ndikanafuna kuitenga, lamulo silikanalola. Kuno ku Washington tiger muskie yololedwa kupita nayo kunyumba ndi imodzi patsiku, ndipo ikhale yosachepera mainchesi 50, amene ndi masentimita 127. Zofika pamenepo ndi zosowa kwambiri, choncho lamuloli tanthauzo lake ndi lakuti bwezera. Ndiponso asodzi a muskie ali ndi malamulo awoawo oposa a boma. Bungwe lawo la Muskies Inc., limene linayamba ku Minnesota mu 1966, ndi limene linafalitsa mwambo wobwezerawu, moti masiku ano munthu wopha muskie anzake amamuyang'ana ngati wakuba pa maliro. Madzi akatentha kupitirira madigiri 27 ambiri amasiyiratu kuwedza, ati nsomba yotopa siichira m'madzi ofunda. Wofuna kukongoletsa pabalaza amatumiza chithunzi ndi miyeso kwa amisiri, iwo n'kumuumbira ya pulasitiki.

Usiku womwewo chithunzi ndinatumiza kumudzi pa WhatsApp. Sipanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Iwe, chinsomba chimenechi chili kuti?"

"Ndachibwezera m'madzi, amayi."

"Chinali chodwala?"

"Ayi amayi, malamulo ake ndi otero."

Kunali zii kwa kanthawi. Ndinkamva tambala akulira kumbali yawo.

"Nanga petulo wa galimoto ndi wa botiyo, mpamba wake ubwerera bwanji?"

Funso la mayi anga ndi la munthu wa geni, ndipo lili ndi yankho la geni, kungoti mpambawo subwerera kwa ine. Nsomba imene ndinabwezayo ndi katundu amene sachoka pa benchi koma amagulitsidwa mobwerezabwereza. Ine ndinalipira laisensi ya boma yowedzera. Ndinagula nyambo, petulo, chakudya cha panjira m'tauni yaing'ono ya Mossyrock. Mwezi wotsatira wina adzachokera kutali, adzalipira malo ogona, adzalemba ganyu munthu wodziwa nyanjayo kuti amuperekeze kwa madola mazana angapo patsiku, ndipo mwina adzagwira nsomba yomweyo itatalikirako pang'ono. Ikanalowa mu mphika wanga, malonda akanathera pomwepo. Pamwamba pa zonsezi ikadali pa ntchito yake ija yodya pikeminnow usana ndi usiku osapempha malipiro.

Komabe musandimve molakwa. Sindikubwera kudzakulalikirani kuti msodzi wa ku Msaka azibwezera kampango m'madzi atamujambula. Masewera amenewa ndi a anthu okhuta. Munthu amene wasiya firiji yodzaza kunyumba akhoza kuchitira nsomba chifundo. Amene ana akumudikira ndi nsima yopanda ndiwo alibe mpata umenewo, ndipo aliyense womunyoza sanagonepo ndi njala. Nthawi zina ndikakhala m'botimo ndimasekanso ndekha poganiza za mlondayu: kumutenga kutali, kumupatsa ntchito imene eni mudzi yawakanika, kumuyeza ndi tepi nthawi ndi nthawi, koma osafuna kuti azike mizu. Tisapite uko, nkhani ndi ya nsomba.

Chimene ndinatolapo ine ndi china, ndipo chikukhudza benchi yanu. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti kalumoko kakameta ndani. Taonani zimene likuchita kholo lina la tiger muskie, northern pike ija, m'chigawo chomwechino. Iyo sinabwere ndi kalata ya boma. Anthu ena anaithira mozemba m'madzi a ku Montana, ndipo inatsika ndi mtsinje wa Pend Oreille mpaka inafika mu Lake Roosevelt, nyanja ya kuseri kwa damu la Grand Coulee pa mtsinje wa Columbia. Pike imabereka, ndipo imabereka kwabasi. Mitundu ya eni nthaka monga a Kalispel, a Colville ndi a Spokane akhala akutchera maukonde chaka ndi chaka kuti aichepetse, a Colville mpaka kumalipira madola 10 pa mutu uliwonse wa pike, poopa kuti ikatsikira kumunsi ikakumana ndi salmon. Boma limapempha kuti ukaigwira uiphe, ndipo kuinyamula yamoyo ndi mlandu. Mwaona? Mwana amamugwira ndi manja onyowa n'kumupepesa, kholo lake amalidula mutu. Mano ndi amodzimodzi, njala ndi imodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mmodzi ukhoza kumuchotsa ntchito, winayo ayi.

Ngakhale boma lenilenilo limapsa nazo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Quebec ku Canada linathira muskie yeniyeni, yobereka, mu nyanja ya Lac Frontière kuti asodzi azisangalala. Nsomba siidziwa malire a dziko. Inatuluka n'kulowa mu mtsinje wa St. John, n'kufalikira ku Maine m'dziko la America mpaka ku New Brunswick, m'madzi amene kale munali trout ndi salmon. A ku Maine sanapemphe mlendoyu. Poona kuti sachokanso, tauni ya Fort Kent inangoyambitsa mpikisano wa chaka ndi chaka wowedza muskie kuti ipezepo kangachepe.

Izi si za azungu okha. Kapenta amene ena a inu mumaoda wochokera ku Mozambique ndi ku Zambia ndi mlendonso. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika n'kukamuthira ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo yekha anatsika ndi Zambezi mpaka anakhazikika ku Cahora Bassa. Ameneyo anapeza nyanja yatsopano yokumbidwa ndi anthu, pakati pake popanda mwini, ndipo wadyetsa mabanja osawerengeka. Koma ku nyanja ya Victoria anathira Nile perch m'zaka za m'ma 1950, chinsomba cholusa chobereka, ndipo pofika m'ma 1980 chinali chitameza mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta m'gulu la utaka ndi mbuna zathu. Ndalama zinabwera, inde, mafakitale anamangidwa ku Mwanza ya ku Tanzania, minofu n'kumakwera ndege kupita ku Ulaya, anthu wamba n'kumagula mitu ndi mafupa. Ngakhale kwathu alendo alipo: trout wa pa phiri la Zomba ndi ku Nyika anabwera ndi atsamunda, kungoti iyeyo madzi ofunda a kunsi kuno sawatha, ndiye phiri lomwelo ndi khola lake.

Ndalemba zonsezi chifukwa cha msuweni wanga. Ali ndi maiwe atatu a nsomba ku Mangochi, m'mbali mwa kamtsinje kothira mu nyanja ya Malombe. Amaweta makumba ndi chilunguni, ndipo dandaulo lake ndi limene alimi a nsomba ambiri ali nalo: nsomba zathu zimakula mochedwa, chakudya n'chodula, pamene anzathu ku Zambia akuweta Nile tilapia yofulumira kukula. Malamulo a dziko lathu saloleza kulowetsa nsomba zachilendo zotere mwachisawawa, ndipo iye amaona ngati boma likumumanga manja. Ataona chithunzi changa chija n'kumva kuti muskie ndi yobwera, anandiimbira.

"Achimwene, ndiye azungu akuthira nsomba zobwera m'nyanja zawo, ife akutiletsa bwanji? Ine pali munthu angandibweretsere mbewu m'chigubu kuchokera ku Chipata. Ndiweta zazimuna zokhazokha, siziswana."

Ndinamuuza kuti ayi achimwene, fanizolo silikugwira. Tiger muskie ndi chumba. Tilapia yaimuna si chumba, yangosowa mkazi. Pa tiana masauzande amene amati ndi tatimuna, titatu tinayi tatikazi timazembera ndithu. Ndiponso Nile tilapia ndi pachibale ndi makumba komanso chambo, ndipo kumene yafika imatha kukwerana ndi abale ake oterewa n'kusokoneza mtundu, kapena kuwalanda malo. Ku Kariba komweko tilapia ya makolo ya m'nyanjamo yatsala pang'ono kutha chifikireni mlendoyu. Ndipo dziwe si ndende. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola maiwe ambiri m'chigawo cha kummwera, nsomba zonse n'kutsata madzi. Kuchoka pa dziwe lake kulowa mu Malombe ndi mvula ya usiku umodzi, ndipo kuchoka mu Malombe kukwera Shire kulowa m'nyanja yaikulu palibe geti. Chambo chatha kale mphamvu ndi makoka, moti mu 2018 akatswiri a zachilengedwe anaika mitundu yake pa mndandanda wa nsomba zimene zili pafupi kutheratu. Ndinamuuza kuti ku Mayfield zinthu zikavuta a boma angosiya kuthira, koma chigubu chake chikangotsegulidwa palibe nduna, mfumu kapena sing'anga amene angadzabwezeremo nsombazo.

Ndinalankhula nthawi yaitali, mayunitsi ake ndi anga. Iye anangoti wamva.

Patapita masiku awiri ananditumizira zithunzi ziwiri popanda mawu. Choyamba chinali cha makumba amene anakolola atawadyetsa miyezi 7, atawayala pa thumba, aliyense wosaposa chikhatho chake. Chachiwiri chinali cha lisiti ya thumba limodzi la chakudya cha nsomba, mtengo wake atauzunguliza ndi bolopeni yofiira.